Chibonga cha a Jobu

"Ndinu a Chikaonda! Chibonga chija munawapatsa a Jobu ndinu, ndi manja anu omwewa, ine ndili pompo ndikuona!"

Ackson Kumwenda ananena mawuwa ali chiimire pakhomo pa ofesi, zala zili mbuu ndi choko. A Chikaonda, ahedi a sukuluyo, sanadzutse mutu n'komwe. Anangopitiriza kudinda makalata, di! di! ngati kuti walowa ndi mphepo.

"Ana akumva, a Kumwenda."

"Amve!"

"Inu mwangotha chaka chimodzi pantchito, ndipo kwanu ku Rumphi n'kutali. Tsekani chitsekocho, inu muli kunja."

Nkhaniyi inayamba mu Januwale, chaka chimene likulu linachoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Tauni yonse inali matope ndi malole a njerwa. Pakati pa alendo amene anadzaza mzindawo panali injiniya wina wa ku America amene ankayang'anira zoika mapaipi a madzi ku City Centre. Dzina lake linkavuta lilime, choncho anthu ankangomutcha Kachipewa, chifukwa cha kachipewa ka mlomo wautali kamene sankavula ngakhale m'nyumba. Tsiku lina munthuyu anatumiza mabokosi atatu kusukulu ya sekondale ya kuseri kwa msika wa ku Old Town, kumene Ackson ankaphunzitsa mbiri yakale.

Mabokosiwo anatsegulidwa mu ofesi, Ackson atagwirizira nyundo. Awiri anali odzaza mabuku. A Chikaonda anangoona zikuto n'kulamula kuti akaponyedwe kusitolo, kachipinda kosungiramo katundu wa sukulu. M'bokosi lachitatu munali timipira tolimba ngati mapeyala aawisi, ndi ndodo zinayi zosalala, zonenepa kumutu, zowonda kogwirira.

"Koma azungu amaganiza," anatero ahedi, akuyesa kulemera kwa imodzi. "Amva kuti kuno akuba atha mafelemu a mawindo. Itanani a Jobu."

A Jobu anali mlonda wa pageti, bambo wa imvi, mkulu wa mpingo kwawo. Mudzi umene anabadwira unali pamalo pamene pankamera maofesi atsopano. Munda wawo wa fodya unali utagona pansi pa phula, ndipo iwo ndi anzawo anawatsitsa pa lole kumalo ena a miyala, kutali ndi madzi. Chimene chinawatsalira chinali geti limenelo ndi dzina lawo labwino. Analandira ndodoyo ndi manja awiri, atagwada pang'ono. A Chikaonda anatengapo ina kuti akapatse mlonda wa kunyumba kwawo ku Area 2.

A Jobu anachikonda chibongacho ngati mwana. Kogwirira anakulungako mphira ya chubu cha njinga. Kumutu anakhomako misomali isanu ndi umodzi. M'mbali analembamo dzina lawo ndi waya wamoto, zilembo zinayi zokha zimene ankazidziwa. Mwezi wa Malichi anaphera nacho mphiri kuseri kwa zimbudzi za atsikana, ndipo ana anawaimbira nyimbo tsiku lonse.

Mu Meyi munabwera kalata. Kachipewa adzafika Lachisanu la mulungu wachitatu, pamodzi ndi anzake, kudzaona mmene ana apindulira ndi mphatso yake. Anatchulanso kuti akakondwa angathe kuthandiza kumanga chipinda chowerengeramo.

"Folomu 4 isiye kaye zimene ikuphunzira," anatero a Chikaonda. "Mabuku aja ndi a mbiri yakale. Mbiri yakale ndinu."

"Mayeso a boma atsala milungu isanu, ahedi."

"Mayeso amabwera chaka ndi chaka. Mzungu wopatsa sabwera kawiri."

Ndi mmene Ackson anayambira kuphunzitsa mbiri ya masewera amene sanawaonepo chibadwire. Buku lina linali la besibolo, masewera a ku America omenya kampira n'kuthamanga. Lina linali la mpira wa m'makoleji a ku America, mpira wake wooneka ngati papaya, osewera ake atavala zipewa zolimba ngati akupita kunkhondo. Ankawerenga nthawi yopuma, atakhala pansi pa mtengo wa mango, kenako n'kukalemba pabolodi zimene iye mwini sanazimvetse. Ana makumi anayi ankayimba zaka ngati samu za kuchulukitsa. Malamulo a besibolo analembedwa liti? 1845! Makoleji awiri anakumana koyamba liti? 1869!

"Aphunzitsi," anafunsa Benedicto, mnyamata wa kumbuyo amene pakamwa pake sipankatsekeka, "munthu akamenya kampirako amathamanga kuzungulira bwalo lonse n'kubwerera pomwe anachoka?"

"Buku likutero."

"Ndiye akanangokhala pompo bwanji?"

Kalasi inafa nacho chiseko. Evelesi yekha, mtsikana amene ankatsogola m'mayeso onse, sanaseke.

"Izi zibwera pa mayeso, aphunzitsi?"

"Sizibwera."

"Nanga za amalonda a minyanga ndi za nkhondo za Angoni tidzamaliza liti?"

Ackson anatembenukira kubolodi n'kuyamba kufufuta pamene panalibe cholembedwa.

Tsiku lina anafika pa chaka cha 1947. Buku linkanena, m'ndime yaifupi kwambiri, kuti chisanafike chaka chimenecho anthu akuda sankaloledwa kusewera m'magulu akuluakulu a besibolo. Benedicto anakweza mkono, koma ulendo uno sankaseka.

"Ndiye kuti tikuloweza mbiri ya masewera amene eni ake akanatibweza pageti?"

"Lemba chakacho, Benedicto."

M'buku lomwelo munali chithunzi cha munthu atanyamula ndodo paphewa, akudikira mpira. Ackson anachiyang'ana, n'kusuzumira pawindo kumene a Jobu ankatsegulira geti njinga ya wogulitsa nkhuni. Anathamangira ku ofesi buku lili m'manja.

"Ahedi, zija si zibonga. N'zomenyera mpira."

A Chikaonda anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Mmawa mwake anabweretsa ndodo ya ku Area 2 itakulungidwa m'nyuzipepala, n'kuipukuta ndi mafuta a nsapato. "Za a Jobu zisiyeni, ndiona ndekha," anatero. Koma panali kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, panali kubwereka mipando ku tchalitchi, panali kuphunzitsa kwaya. Za a Jobu anaiwala.

Alendo anawayembekezera nthawi ya 11 koloko. Anafika 9 koloko. A Jobu anatsegula geti, n'kuima njo, chibonga chili paphewa ngati mfuti ya msilikali, misomali ikunyezimira padzuwa. Galimoto inaima mwadzidzidzi. Kachipewa anatsika, anatenga ndodoyo n'kuitembenuza pang'onopang'ono. Anaona mphira, anaona misomali, anaona zilembo zowotcha. Nkhope yake inafiira ngati phwetekere. Inali ndodo yake yeniyeni, imene ankasewera nayo ali mnyamata ku koleji, imene anaisunga zaka makumi awiri.

Anafunsa kanthu m'Chingerezi. A Jobu anamwetulira, poganiza kuti akuyamikiridwa.

"N'cholimba zedi, bwana. Ngakhale mphiri sichedwa nacho."

A Chikaonda anafika akupuma wefuwefu, Ackson ali pambuyo. Kwa mlendo anayankhula Chingerezi chosalala: pepani kwambiri, munthuyu anathyola sitolo n'kuba, takhala tikuifunafuna ndodoyi miyezi inayi. Kenako anatembenukira kwa a Jobu ndi nkhope yofatsa.

"Akuti mwagwira ntchito yabwino, a Jobu. Kapumeni kaye kuseri uko."

"Zikomo, bwana," anatero a Jobu, n'kuwomba m'manja kuthokoza mlendoyo.

Pa anthu onse amene anaima pagetipo, kupatula ahediwo, Ackson yekha ndi amene anamva zinenero zonse ziwiri n'kudziwanso zoona zake. Anayang'ana nsapato zake. Kenako anakatsogolera ana kuyimba zaka zija, ndipo alendo anawomba m'manja pa chaka chilichonse, ndi 1947 yomwe.

Masana a Jobu anamupeza Ackson pansi pa mtengo wa mango, envulopu ili m'manja.

"Aphunzitsi, tandiwerengerani. Mwina ndi ya kwa mzungu uja."

Ackson anaiwerenga kawiri chamumtima asanatsegule pakamwa. Inali mizere inayi. Ntchito yatha lero, chifukwa cha kuba katundu wa sukulu.

A Jobu sanakuwe. Anakhala pansi pa muzu, n'kuvula chipewa.

"Kuba? Ine? Munda anatenga, sindinanene kanthu. Manda a amayi anga sindikudziwa kuti ali pansi pa nyumba iti. Koma liwu ili, aphunzitsi, ndilowa nalo bwanji m'tchalitchi? Ndani adzalembe mlonda wakuba?" Anamuyang'ana m'maso. "Paja inu munalipo tsiku lija. Munagwira nyundo."

Apo ndi pamene Ackson ananyamuka kukaima pakhomo pa ofesi ya ahedi, n'kuuzidwa kuti atseke chitseko ali kunja.

Loweruka anakwera basi mpaka ku City Centre, n'kuyenda wapansi kupita ku Area 10, kudutsa misewu yatsopano yopanda munthu, mipanda ya maluwa, agalu onenepa kuposa ana a kusukulu kwake. Mlonda wa kwa Kachipewa anamuimika panja ola lathunthu. Mwini nyumba atatuluka, anamvetsera mwaulemu, tambula ya madzi ozizira ili m'manja. Ackson anafotokoza zonse, kuyambira pa nyundo mpaka pa kalata.

Kachipewa anapukusa mutu momvetsa chisoni. Anati iye ndi mlendo m'dziko lino, sangalowerere nkhani za pakati pa mphunzitsi ndi mkulu wake. Anati ndodo ndi mtengo chabe. Anati akawauze a Jobu kuti wawakhululukira ndi mtima wonse.

"Sanalakwe!" anatero Ackson. "Mukukhululukira munthu wosalakwa!"

Koma geti linali litayamba kale kutsekedwa.

Lolemba mmawa ana anaima pamizere kutsogolo kwa mbendera. Pageti panali mlonda wina, mphwake wa akazi a ahedi. Kunja kwa waya kunaima a Jobu, atavala jekete la kutchalitchi, njinga ili pambali. Sanabwere kudzapempha ntchito. Anabwera kudzapempha kuti liwu limodzi lija lichotsedwe m'kalata, ndipo anali atauzidwa kuti ahedi atanganidwa.

A Chikaonda anakwera pakhonde atanyamula chibonga chija, chimene mlendo anachisiya pasukulupo. Analengeza kuti chipinda chowerengeramo chimangidwa, ana n'kuwomba m'manja. Kenako anakweza chibongacho m'mwamba.

"Koma taonani chimene chikanatitayitsa mwayi umenewu. Ana inu, kuba kulibe msinkhu. Munthu wa imvi, wopemphera, tinkamukhulupirira ngati kholo lathu..."

Aphunzitsi anzake a Ackson anali ataweramitsa mitu. Onse ankadziwa. Ena anali ndi ana asanu, ena anali akudikira nyumba ya boma ku Area 18. Mayi wina amene anaima pambali pake anamukoka malaya, n'kunong'ona kuti, "Achimwene, kalata yokutumizani kuthengo siichedwa kulembedwa." Ackson ankadziwa zimenezo. Ankadziwanso kuti milungu itatu yathunthu anaimiritsa ana awa kuti aloweze zaka za anthu a kutsidya kwa nyanja, pamene zimene zinachitika mu Januwale, mu ofesi ili apoyi, palibe amene ankafuna kuzikumbuka. Evelesi ankamuyang'ana. Kuseri kwa waya, a Jobu anali atavula chipewa, akumva dzina lawo likutafunidwa pamaso pa ana amene anawaimbira nyimbo ya mphiri.

Anachotsa dzanja la mayiyo n'kutuluka pamzere wa aphunzitsi. Mawu anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira.

"Ine ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pasukulu pano. Mwandikakamiza kuphunzitsa zaka za eni ake, lero ndifunsa za tsiku limodzi lokha la kwathu kuno."

"A Kumwenda, bwererani pamalo panu!"

"Loko wa kusitolo ndi yemwe uja, sanathyoledwepo, kiyi wake ali m'thumba mwanumo. Bokosi ndinatsegula ndine. Amene anati 'Itanani a Jobu' ndani? Amene anatenga ndodo ina kupita nayo ku Area 2 ndani?" Analoza kugeti, ndipo mitu yonse inatembenukira komweko. "Mwini dzina uyo waima apoyo. Musayankhe m'Chingerezi ulendo uno, a Chikaonda. Yankhani m'chinenero choti iwonso amve: chibonga chimenecho a Jobu anawapatsa ndani?"