Chimene Chinkadya Mano a Rodayna

Rodayna anabwera koyamba ku chipatala cha mano cha mayi Nagat, kuno ku Tanta, chifukwa cha dzino lakutsogolo lomwe linabenthuka. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, wowonda, atavala yunifolomu ya sukulu ndi mpango woyera kumutu. Anabwera ndi bambo ake, a Hagi Mitwali, aja amagulitsa maswiti, mtedza ndi nthanga zokazinga pafupi ndi mzikiti waukulu. Anali bambo athupi, ndipo ngakhale m'chipinda ankayankhula ngati akuitanira malonda.

"Limateni, adokotala. Akuti analuma cholembera. Mwana wamkazi wa dzino lachibenthu adzamufunsira ndani?"

Mayi Nagat anayatsa nyali n'kuuza mtsikanayo kuti ayasamule. Dzino lobenthukalo linali nkhani yaing'ono. Mano onse anali operepeseka ngati a nkhalamba. M'kati mwa masaya munali zipsera zoyera ndi tizilonda tatsopano, ndipo mlomo wam'munsi unali ndi nkhanambo. Atayang'ana manja, anaona kuti zikhadabo zinalumidwa mpaka pamnofu.

"Umakukuta mano ukagona, mwana wanga?"

"Amakukuta," anayankha bambo aja. "Timachita kumva kuchipinda kwathu. Ndi njoka za m'mimba zimenezo. Tinam'mwetsa kale mankhwala."

"Ndafunsa mwanayu, a Hagi."

"Ameneyu mawu amagula. Anatengera kwa mayi ake. Akanatengera ine bwenzi mutatseka makutu." Anaseka okha. "Za zikhadabozo musavutike nazo. Tinapaka tsabola, tinamanga nsanza, ndinam'menyapo pamanja. Mbuzi yeniyeni."

Mayi Nagat sanaseke nawo. Ana oluma zikhadabo ankawaona tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri ankasiya okha mayeso akatha. Koma m'kamwa mowonongeka chonchi anali atamuonamo mwa ana ochepa kwambiri, ndipo kwawo kwa ana amenewo kunalibe mtendere. Pamene Rodayna ankakweza dzanja kuti alandire kapu yochukuchira m'kamwa, mkono wa malaya unatsetsereka. Pamkono pake panali mikwingwirima yopyapyala, yokhota ngati ya chingwe chopinda pawiri. Mtsikanayo anakoka malaya msanga, maso ali kudenga.

Dokotala uja anayang'ana zikhatho za a Hagi Mitwali, zikuluzikulu, zakuda ndi moto wokazingira mtedza. Anamata dzinolo, kenako anati mwanayo akufunika kachivundikiro ka pulasitiki kovala m'mano pogona, ndipo ayenera kubwera kangapo kudzayeza. Zinali zoona, koma akanatha kumaliza m'maulendo awiri. Ankafuna kumuonanso.

Ulendo wachiwiri anabwera naye ndi mchimwene wake, Moataz, mnyamata wa ku yunivesite wophunzira zamalamulo. Anali waulemu, wamagalasi, woyankhula motsitsa. Anabweretsa kabokosi ka maswiti, n'kuima pakhomo la chipinda manja ali kumbuyo nthawi yonse imene mlongo wake ankadindidwa mano. Tsiku limenelo chikombole chodindira manocho chinavuta. Rodayna ankaluma mwamphamvu mpaka dokotala anachibwereza.

Atamaliza, mayi Nagat anamuitanira mnyamatayo pambali.

"Inu ndinu ophunzira, ndikufunsani mosabisa. Bambo anu dzanja lawo ndi lofulumira kunyumba?"

Moataz anayang'ana pansi, n'kuusa moyo. "Bambo ndi anthu akale, adokotala. Koma ine ndilipo, ndimamuyang'anira mlongo wanga. Wakuuzani chiyani?"

"Sanandiuze kanthu. Ndangoona mikono yake."

"Palibe chimene wanena?"

"Palibe."

Anathokoza atagwira pamtima, n'kulonjeza kuti ayankhula ndi bambo ake mwanzeru. Mayi Nagat anapepukidwa mumtima poganiza kuti m'nyumbamo muli munthu mmodzi wa maso.

Tsiku loti adzatenge kachivundikiro kaja, Rodayna sanabwere. Sabata yotsatira sanabwerenso. Mayi Nagat anaimba foni, ndipo anayankha mayi ake a mtsikanayo, amene sanakumanepo nawo.

"Ali ndi mayeso," anatero mayiwo. "Komanso, adokotala, mwana wathu ali bwino. Musamuike maganizo m'mutu."

"Maganizo anji, mayi a Moataz?"

"Inu ndinu a mano. Mulungu akudalitseni." Foni inadulidwa.

Tsono nkhani inali itafika kunyumba, ndipo inafika moipa. Mayi Nagat anaganiza kuti mnyamata uja anayankhuladi ndi bambo ake, ndipo bambowo anatseka zitseko. Masana ena, m'malo mokwera tukutuku kupita kwawo, anadzera kumsika wa kumzikiti, n'kuima pa sitolo ya nsalu yoyang'anizana ndi ya a Hagi Mitwali ngati akusankha mipango.

Rodayna anali m'sitolo ya bambo ake, chikwama cha sukulu chili pa thumba la mtedza. Ankaba nthanga m'chiwaya, bambo ake n'kumamuthamangitsa ndi nyuzipepala yokulungira malonda, iye n'kumaseka mpaka dzino lomatidwa lija kuonekera. Zala zake sizinapite kukamwa ngakhale kamodzi. Mayi Nagat anadziuza kuti zimenezi sizitanthauza kanthu, pakuti pamsika aliyense ndi bambo wabwino. Akutembenuka kuti azipita, mawu a bambo aja anawapeza.

"Adokotala! Mukudutsa osalawa? Rodayna, wapatse zotentha."

"Bwanji simunabwere naye, a Hagi? Kachivundikiro kake kakungokhala."

Bambo aja anakwinya nkhope. "Moataz anati mwanena kuti zatha, n'kosafunikanso."

"Ine sindinanene zimenezo."

"Ndiye kuti sanamve bwino. Mabuku amudya mutu ameneyo."

Mayi Nagat anayang'ana Rodayna. Kuseka kuja kunali kutatha, ndipo chala chachikulu chinali pakati pa mano.

M'mawa mwake madzulo a Hagi Mitwali anabwera naye okha, n'kukhala m'chipinda chodikirira akukangana pafoni ndi munthu wa shuga. Mayi Nagat anatseka chitseko, n'kumuveka mtsikanayo kachivundikiro kaja. Anaika zala zake m'nsagwada zonse ziwiri kuti amve mmene akulumira. Mawu a bambo aja ankagunda khoma, koma nsagwada zinali zofewa.

Kenako kunja kunamveka mawu ena, otsika, akupereka moni mwaulemu. Pansi pa zala za dokotala minofu inauma ngati mwala. Mano anatsekeka mwamphamvu mpaka pulasitiki inalira.

Chitseko chinatseguka popanda kugogoda. "Pepani, adokotala," anatero Moataz. "Amayi andiuza kuti ali kuno, ndiye ndati ndiwapumuze bambo abwerere kusitolo."

"Dikirani panja. Ndikufuna avule mpango, ndione khosi."

Mnyamatayo anamwetulira, n'kumuyang'ana mlongo wake kwa kanthawi asanatuluke. Mayi Nagat anakhoma chitseko, n'kuyatsa makina oyamwa malovu kuti phokoso lake liphimbe mawu. Anamuvula kachivundikiro kaja n'kukhala pa kampando pafupi naye.

"Ndi achimwene ako?"

Pomwe Rodayna anayamba kuyankhula, ankayang'ana nyali ya pamwamba pake.

Zinayamba atatha msinkhu. Bambo ake, amene amachoka m'mawa n'kubwera anthu atadya kale, anauza Moataz kuti iwowo akakhala kulibe, mwamuna wa pakhomo ndi iyeyo. Moataz anayamba ndi kufufuza foni yake. Kenako ankamudikira pa geti ya sukulu. Akamupeza ataima pakhonde la m'mwamba, akamva kuti waseka ndi msuweni wake, kapena Rodayna akatsika pa masamu, ankamulowetsa kuchipinda, n'kuzula chingwe cha chaja ya foni kuti amukwapule nacho.

"Amati ndikalira awonjezera. Ndiye ndimaluma tsaya kuti mawu asatuluke. Pano ndimangozindikira ndikuluma, ngakhale m'kalasi."

"Amayi ako akudziwa?"

"Amati akundilera. Amati iwonso achimwene awo ankawatero, ndipo anakula bwino. Tsiku lija munawafunsa achimwene za abambo, anati ndakuuzani ndine. Sindinapite kusukulu masiku angapo."

Mayi Nagat anazindikira kuti funso lawo lija ndilo linam'pweteketsa mwanayo, koma sinali nthawi yoganiza za iwo eni. "Ndiyenera kuwauza bambo ako."

"Musatero, chonde. Mwina awapha achimwene, mwina sandikhulupirira. Sindikudziwa choopsa kwambiri n'chiti."

"Sindingakubwezere kunyumba ija ndili chete. Akapanda kumva bambo ako, ndiimbira a zoteteza ana. Koma pakhomo pano sutuluka ndi Moataz."

Anatsegula pang'ono chitseko n'kuitana a Hagi Mitwali okha. Moataz anaimirira, koma dokotala anali atakhoma kale. Bambo aja anamvetsera ataima, nkhope ikusintha pang'onopang'ono.

"Moataz wanga? Mwana amene sanayambe wandikwezera mawu? Woswali kasanu pa tsiku popanda womukumbutsa?" Anatsitsa mawu, chinthu chimene mayi Nagat sanaganize kuti angathe. "Mukufuna chiyani pa banja langa, adokotala? Dzulo munabwera kusitolo kudzandizonda, ndinakuonani pa mipango paja. Mkazi wanga akuti munafunsa ngati ine ndimamenya mwana. Lero mwasintha, ndi mnyamata. Mawa mudzati ndani?"

"Ndinakuganizirani, ndi zoona. Munanena nokha kuti munam'menyapo pamanja."

"Kambama ka pa zala, kuti asiye kudzidya."

"Sakudzidya mwadala, a Hagi. Ndipo si njoka za m'mimba."

Palibe amene anamuuza Rodayna chochita. Anamasula mabatani a mkono, n'kukwinya malaya mpaka paphewa, kenako mkono winawo. Mikwingwirima ina inali yachikasu, ina yakuda, ina inali isanapole. Bambo aja anayandikira. Anatambasula dzanja ngati akufuna kukhudza, n'kulibweza.

"Mayi ako akudziwa?"

Mtsikanayo anaweramitsa mutu.

A Hagi Mitwali anakhala pa kampando ka dokotala, kamene kanalira ndi kulemera kwawo. Makina oyamwa malovu ankangolirabe, mpaka mayi Nagat anawazimitsa. Pamene anatsegula chitseko, m'chipinda chodikirira munali mayi wina ndi mwana wake wotupa tsaya. Moataz anali atapita.

Tsiku lomwelo, osadzera kunyumba, bambo aja anakweza Rodayna minibasi ya ku Mahala, kumene kumakhala mchemwali wawo Fawkeya, mayi wamasiye wogwira ntchito ku fakitale ya nsalu. Zovala zake anazitumiza pambuyo. Mayi Nagat sanadziwe ngati anachita zimenezi kuti apulumutse mwana kapena kuti manyazi achoke pamaso pa anthu, ndipo anaimbirabe a zoteteza ana. Iwo anafika kunyumba kuja, analandiridwa ndi tiyi, anayankhula ndi Moataz, n'kuchoka. Zimene zinachitika pakati pa bambo ndi mwana wawo wamwamuna palibe akudziwa bwino. Oyandikana nawo anamva mbale zikusweka, ndipo patapita nthawi Moataz anasamukira ku Kairo kwa amalume ake, akuti kuti akhale pafupi ndi mabuku. Mayi a Moataz anafalitsa pa msewu wawo wonse kuti dokotala wa mano amapasula mabanja, ndipo mabanja angapo anasiya kubwera.

Itatsala pang'ono Idi yaikulu, azakhali Fawkeya anabwera naye Rodayna kudzaonetsa. Anali mayi wamfupi, wa mawu ngati a mchimwene wawo.

"Ndi ameneyu, adokotala, chigayo changa. Usiku amagayabe, koma pulasitiki ndiyo ikuvutika. Wanenepa, mukuona? Ndimam'dyetsa ngati bakha wa paukwati."

M'masaya munali mutapola, mutangotsala mizere yoyera. Zikhadabo zinali zitamera, kupatula za zala ziwiri za kumanja. Mayi Nagat anapempha kuona mikono. Anachita zimenezi akuyang'ana nkhope ya azakhaliwo, koma iwo sanakhumudwe.

"Onani, onani. Inenso ndimaona akabwerako kokaona bambo ake kusitolo. Masiku ano sindikhulupirira munthu, ngakhale amene tinayamwa bere limodzi."

Rodayna anafunsa ngati mano operepeseka amameranso. Dokotala anamuuza kuti samera, koma akadzakula n'kusiya kukukuta adzawawonjezera pamwamba. Mtsikanayo anagwedeza mutu, kenako anati mayi ake akhala akuimba foni akulira, akufuna kuti adzadye Idi kunyumba. Moataz naye adzakhalapo.

"Iwe ukufuna kupita?"

"Ndawasowa amayi," anatero.

"Tipita tonse," anatero azakhali Fawkeya akumanga mpango wawo. "Ndawauza kale kuti andiyalire m'chipinda mwake. Nyama tikadya, mawa lake minibasi. Amene sakondwa nazo akandiuze pamaso."