Buku Lomwe Silimayenera Kutuluka

"Likufunika pofika thuu koloko, mayi. A Sipikala akufuna aone momwe Nyumba ya Malamulo inagamulira nkhani ya madzi chaka chija cha chilala," anatero Kalaliki wamkulu ataima pakhomo la laibulale, foni ili kukhutu.

Mayi wa Mabuku anavomera ngati nkhani yaing'ono, koma ankadziwa kale kuti bukulo palibe. Pa shelefu ya mabuku a zokambirana za aphungu, aja achikuto chobiriwira, panali mpata wolowa dzanja. Mabuku amenewo satuluka. Lamulolo analilemba yekha n'kulimata pachitseko zaka khumi ndi zisanu zapitazo, ndipo analiswanso yekha.

Miyezi itatu m'mbuyomo kunabwera a Pamfundo, phungu wokalamba amene anapatsidwa dzinali chifukwa chokonda kudula anzake pakamwa. Anali atagwa pachisankho. Chipewa chili m'manja, anapempha bukulo kwa masiku awiri okha kuti akawerengere akazi awo odwala zomwe analankhula tsiku lawo loyamba m'Nyumbamo. Mayiyo anamva chisoni mpaka anaiwala kuwasainitsa. Tsopano ntchito yake inali m'madzi, kutangotsala zaka ziwiri kuti apume, pakuti Kalalikiyu anachotsapo munthu pa nkhani yocheperapo.

Anakhoma chitseko n'kukakwera minibasi, yomwe inaima paliponse pamene munthu wakanda mutu.

A Pamfundo anawapeza pakhonde atavala masilipasi, bukulo lili pamiyendo. Atamuona anayesa kulibisa ndi nyuzipepala, koma buku la masamba chikwi silibisika.

"Mwabwera kudzandipulumutsa, mwananga?" anafuula akazi awo akutuluka m'nyumba ndi tsache. "Analonjeza kundiwerengera tsamba limodzi. Lero tili pa tsamba la mazana asanu ndi limodzi, ndipo amasintha mawu, uku nduna, uku wotsutsa. Ine ndachira pofuna kuthawa!"

"Bambo, masiku awiri aja ndi amenewa?" anafunsa Mayi wa Mabuku. "Likasowa lero, mawa ndilibe ntchito."

Mkuluyo anavula magalasi n'kuyang'ana pansi.

"Sindine wakuba, mayi. Ndinafika nalo pageti kawiri. Pageti pomwe ndadutsa zaka makumi awiri anthu akundichitira sawasha. Mlonda watsopano anandifunsa kuti, 'Agogo, mukufuna ndani?' Ndinabwerera nalo."

Mkwiyo umene mayiyo anausunga ulendo wonse unathera pomwepo. Anangolandira bukulo n'kulikumbatira.

"Poti mwabwera, nditengereninso zinyalala zawozi ndipeze posesa," anatero mayi a m'nyumbawo, akukoka katoni pansi pa bedi. Inatuluka ina, kenako inanso, mpaka makatoni anayi.

Munali timabuku ta zokambirana za tsiku ndi tsiku timene phungu aliyense amapatsidwa, tomwe ambiri amangokulungira zinthu kapena kutisiya m'galimoto. A Pamfundo anayamba kusunga tawo m'chaka chawo chachiwiri, ndipo akazi awo, ngakhale ankadandaula, ankatisoka ndi ulusi wa makina chaka ndi chaka. Mayi wa Mabuku anagwada n'kuyamba kuwerenga madeti. Munali zaka zisanu zathunthu zimene laibulale inataya denga litadontha, zimene anazilembera makalata kulikonse osazipeza.

"Bambo, mukudziwa chomwe mwagonera pamwamba pake?"

"Tengani. Kuno akuwerenga ndi mphemvu."

"Nditenga, koma munyamula nane. Valani nsapato."

Anafika pa takisi kutatsala mphindi khumi. Pageti mayiyo anatsitsa galasi n'kunena mokweza kuti, "Awa ndi alendo a laibulale." Mlondayo anatsegula.

Bukulo litapita kwa a Sipikala, Mayi wa Mabuku anakwera yekha kwa Kalaliki n'kufotokoza zonse osabisa kanthu. Mantha anali nawo, koma bodza likanamulemera kuposa makatoni aja. Kalalikiyo anamvetsera nkhope ili gwa, kenako anatsika kukaona yekha. Anatola chaka chimodzi, n'kuyendetsa chala pa ulusiwo.

"Kalata ya chenjezo muilandira, mayi. Lamulo mwaswa," anatero. Anatembenukira kwa mkuluyo. "Nanga izi azisanja ndani? Mayiwa ali okha, ndipo aphungu atsopano sadziwa n'komwe poyambira kufufuza."

"Ine madeti onse ali m'mutumu, bwana."

"Ndiye mawa mudzatenge chiphaso cholowera. Koma muno salankhula mokweza."

"Zimenezo tidzayesa," anayankha a Pamfundo, maso ali mbee.

Kalatayo inabweradi, yoyamba pa moyo wake wonse wa ntchito, ndipo inamupweteka. Anaiwerenga kamodzi n'kuiika m'dirowa.

Lolemba m'mawa, akukhota pakhonde la laibulale ndi makiyi m'manja, anapeza munthu atakhala kale pabenchi, tayi ali pakhosi, chiphaso chikulendewera pachifuwa, kabotolo ka guluu kali pambali.

"Mwachedwa ndi mphindi zinayi, mayi," anatero a Pamfundo akuloza wotchi.

Mayi wa Mabuku anaseka mpaka misozi, n'kuwapatsa makiyiwo kuti atsegule okha.