Ngolo Zosatchulidwa za a Nikodemo

"Yayambanso kupempha," anatero Valdemar akuloza komputadori ndi kiyi wa mota, njinga yake yamoto. "Chaka chilichonse nyengo ino imatambasula dzanja ngati mkamwini waulesi."

Ana Maria sanaseke. Pagalasi panali uthenga wofiira wonena kuti lisensa ya pulograma yawo yosanthulira ziwerengero inali pafupi kutha. Akapanda kulipiranso kwa eni ake akunja, pulogramayo idzadzitseka ngati chigayo chopanda dizilo.

Awiriwa anali pachilamu, ndipo bizinesi yawo inali m'kachipinda ka kuseri kwa msika wa Chifunde. Ntchito yawo inali yosavuta kufotokoza koma yovuta kuigwira. Valdemar ankazungulira midzi pamota kufunsa alimi za zokolola. Ana Maria, amene anaphunzira za masamu ku Tete, ankasanthula mayankhowo. Kenako ankagulitsa zotsatira kwa amalonda a mumzinda, kuti adziwe kotumiza makamiyau, malole okagula chimanga ndi soya. Wamalonda amakhululuka zambiri, koma kamiyau yobwerera yopanda katundu saiiwala.

"Ndanena kale, alamu," anatero Ana Maria. "Tisamuke. Pali pulograma ina yaulere, yopanda mwini mmodzi. Aliyense akhoza kuona m'mimba mwake ndi kukonza pamene palakwika. Mayunivesite akugwiritsa ntchito yomweyo."

"Epa! Chinthu choti aliyense amapisamo dzanja, kwathu timati ndi mbale ya pamaliro. Chikomekome cha mkuyu, mayi."

"Nyerere zake ndaziyang'ana, sindinazipeze. Ndapeza zina." Anatembenuza komputadori kuti mlamu wakeyo aone. "Ndaika mayankho a chaka chatha m'pulograma yatsopano. Masamu ake ndi omwewo. Koma chimanga chimene yatulutsa n'chochepa kuposa chimene tinauza amalonda. Ndipo amene analondola ndife, makamiyau anabwera odzaza. Ndiye ndikufunsa, chimanga chinacho chinachokera kuti?"

Valdemar anakanda kuseri kwa khutu. Sukulu yake inathera pamsasa wa othawa nkhondo ku Zambia, pansi pa mtengo umene unagwa iye asanafike pa kugawa manambala. Koma pulograma yakaleyo ankaidziwa monga mmene ankadziwira mota yake. Ana Maria asanayambe masamu, iye ankakhala pampando, n'kumadina bokosi ili, kusintha nambala iyo, uku akuimba mluzu. Ankati akupeta.

"Kupeta n'kupeta," anayankha. "Simufunsa mphepo kumene yapita ndi mankhusu."

"Yatsopanoyi imafunsa. Ilibe mabokosi odina. Chilichonse chimene wachita umachilemba, mzere ndi mzere, ndipo amalonda ayamba kufuna mizereyo pamodzi ndi zotsatira. N'chifukwa chake ndikuikonda. Mawa mutathyoka mwendo pamsewu wa Cassacatiza, ine ndidzapeta bwanji?"

"Taonani mlamu wanga! Wandithyola kale mwendo dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe."

Pakhomo panamveka odi. Anali a Nikodemo, amalume ake a Valdemar, mlimi wa ku Nsadzo. Anabwera kudzaonetsa bondo kuchipatala, ndipo anapatukira pakachipindako kudzathira moto m'telefoni. Atalonjerana mpaka kufika pa mbuzi ndi nkhuku, Valdemar anatsinzinira Ana Maria diso.

"Amalume, chaka chino mwatuta ngolo zingati?"

A Nikodemo anausa moyo ngati munthu wochokera kumanda. "Aa, mphwanga, usandikumbutse. Mvula inatinamiza. Kangolo kamodzi, mwina n'theka. Tingodya masamba."

"Nanga nkhokwe yatsopano ija ndinaiona kuseri kwa khola?"

"Imeneyo n'njokongoletsa pakhomo."

Ana Maria analephera kudzigwira. "Bambo, pepani. Ife sitili a msonkho. Mukanena zochepa, kamiyau sibwera kwanu. Mumabisiranji?"

Mkuluyo anamuyang'ana mwachifundo, monga mmene amayang'anira mwana wofunsa chifukwa chake moto umaotcha.

"Mwana wanga, za m'nkhokwe sazitchula. Ukatchula m'mawa, madzulo afika abale amene sunawaonepo chibadwire, aliyense ndi thumba lake. Usiku abwera okawa, chimanga n'kumasamuka chokha denga lili chitsekere. Ngakhale makolo athu akumva kumene aliko, sakondwa ndi munthu wodziwerengera madalitso pagulu."

"Koma mukudziwa kuti alamuwa amawonjezera pa zimene mwanena?"

"Ameneyu?" A Nikodemo anaseka mpaka kugwira bondo lodwalalo. "Tonse timadziwa. Amafunsa ndi pakamwa, maso ali kunkhokwe. Ife tinena zathu, iye aganiza zake, kamiyau ibwera, palibe wanama kwa mnzake. Maso alibe siginecha."

"Nanga zitalembedwa? Kuti a Nikodemo akati ngolo imodzi, tiziwerenga zingapo?"

Kuseka kuja kunazima. Mkuluyo anazula telefoni yake ngakhale inali isanakhute.

"Zolembedwa zili ndi miyendo," anatero motsitsa mawu. "Zikayenda, zidzafika kwa mwana wa mlongo wanga wina, amene amanyamula matumba ku Tete. Tsiku limenelo mphwangayu adzapeza mpando kwathu, madzi akumwa adzapatsidwa, koma kuseri kwa nyumba sadzapitakonso."

Anatsanzika mwaulemu n'kutuluka akutsimphina.

Kunja munthu wina ankakangana ndi wogulitsa matemba. Ana Maria anayang'ana mizere imene anali atayamba kulemba, ndipo kwa nthawi yoyamba inamuonekera ngati khomo lopanda chitseko.

"Mwamva?" anatero Valdemar, nthabwala zitamuthera. "M'mutu muno muli mayina. Ndikudziwa amene amabisa theka, amene amabisa pang'ono, ndi amene amawonjezera kuti apeze mkazi. Anandilola kuona chifukwa sindilemba. Pulograma yakaleyi ndi yodula, inde, koma ili ndi khalidwe limodzi labwino: siikumbukira."

"Imeneyo si mbiri yabwino ya pulograma, alamu. Ngati siikumbukira kukonza kwanu, siikumbukiranso kulakwitsa kwanu. Timagulitsa manambala amene sitingathe kuwafotokoza. Tsiku lina wamalonda adzafunsa, ife n'kumuyankha ndi mluzu."

Valdemar anaimirira. Anadziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Anadziwanso china chimene sanafune kuchinena: nzeru ikalembedwa, mwini wake amapepuka. Anatuluka kukaima pakhonde, n'kumayang'ana anthu akukankha njinga zodzaza matumba kulowera kumsika. Aliyense wa iwo, atafunsidwa, akanalumbira kuti chaka chino kuli njala.

Atabwerera anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mlamu wake.

"Mizere yanuyo imafuna dzina la munthu?"

"Ayi. Imafuna lamulo lokha, ndi chifukwa chake."

"Ndiye tilembe dera, osati munthu. Nsadzo yonse tiwonjezere mofanana. Cha kumalire tiwonjezere pang'ono, amenewo anazolowera sikelo ya ku Zambia, manyazi anawathera. Mayina asachoke m'chipinda muno, ngakhale pa mayankho amene timatumiza."

Ana Maria anawerengetsera mumtima. "Tidzataya kulondola. Pali ena amanena zoona. Mai Ernestina aja, a kutchalitchi, sabisa ngakhale chitsononkho. Lamulo lanu lidzawapatsa chimanga chimene alibe. Kamiyau ina idzabwerera yosadzaza, ndipo wamalonda adzatitukwana."

"Atitukwane. Wamalonda akakwiya amabweranso chaka chamawa, chifukwa njala ya phindu siitha. Mlimi akakutsekera kuseri kwa nyumba, watseka mpaka adzukulu."

"Ndipo mukudziwa kuti zikalembedwa, ngakhale ine ndikhoza kupeta popanda inu?"

"Ndikudziwa," anatero Valdemar. Anayesa kuseka, koma kunatuluka theka lokha. "Mudzangondisungira ntchito yoyendetsa mota. Bola musandithyole mwendo winawo."

Ana Maria anatseka uthenga wofiira uja osalipira. Anatsegula pulograma yatsopano, n'kukankhira komputadori kwa mlamu wake.

"Mzere woyamba wa lamuloli lembani ndinu. Pamwamba pa lamulo pamafunika chifukwa, m'mawu wamba, kuti wowerenga amve."

Valdemar anapukuta chala pa buluku. Anafufuza zilembo chimodzichimodzi ngati nkhuku yotola mapira, lilime lili panja. Zinamutengera nthawi. Ana Maria anasuzumira n'kuwerenga: *Anthu a dera lino sadzitama.*

Sanakonze kalikonse. Anangotsitsa mzere, n'kuyamba kulemba masamu pansi pake.