Kopo ya a Zeferino

Boma litanena kuti conselho, komiti ya mudzi wathu, ku Chidzolomondo kuno, isankhe yokha pokumba mjigo, a Zeferino anayamba kuyenda ngati mjigowo ndi wawo kale. Iwo ndiwo mkulu wa conselhoyo, ndipo ankaufuna pafupi ndi nazale yawo ya fodya. Amayi a m'mudzimu ankaufuna pasikola ya ana, pakati pa mudzi.

Ndiye madalawo anachenjera. Anaitanitsa msonkhano m'mawa, nthawi imene amayi amakhala ali kudambo kotunga madzi. Pansi pa mtengo wa mango panangokhala abambo okhaokha ndi técnico, katswiri wa mijigo wochokera ku Furancungo, fumbi lili mbuu kumaso.

"Madzi akumwa tili nawo, chefe," anatero a Zeferino. "Amene akuvutika kuno ndi fodya."

Técnico anatsokomola. "Ndiye mundigawireko, kukhosi kwauma."

Nthawi yomweyo amayi anatulukira ndi ndowa pamutu, pajatu njira ya kudambo imadutsa pomwepo. A Felicidade, akazi awo a Zeferino, anatula ndowa, n'kutunga, n'kugwada. Madzi ake ngati thobwa, kachitsotso kakuyandama pamwamba.

Koma kwathu mlendo samwa mwiniwake asanalawe, kuchotsa ufiti. Kopoyo inapita kwa a Zeferino.

"Imwani, bambo a Sónia," anatero mkaziyo. "Pepani sindinasefe, msonkhano wanuwu wafulumira."

Anamwa, mudzi wonse ukuwayang'ana, mchenga ukulira m'mano. Palibe anaseka, ndipo ndi zimene zinawapweteka. Técnico atafunsa ofuna mjigo pasikola, dzanja la a Zeferino linakwera loyamba, maso ali pa nsapato.