Wotaya Chingwe

Kakampani kathu ndi ka anthu awiri, ine ndi achemwali anga, ndipo ofesi yake ndi kachipinda kakuseri kwa shopu ya telala. Mukatiimbira foni n'kumva makina akulira, musaganize kuti ndi athu. Timaphunzitsa anthu ongodzipereka m'timabungwe ta m'madera: osamalira odwala, oyang'anira mijigo, amagulu a amayi. Achemwali ndiwo amalemba zopempha ntchito ndi malipoti. Ine changa ndi pakamwa, ndipo pakamwapo patopa. Mwambi woti mutu umodzi susenza denga ndaunena mpaka wasukuluka.

Tsiku lina tinali m'minibasi kupita kukaphunzitsa, zikwama za mapepala pamiyendo, pamene achemwali anaphulitsa nkhani. Bungwe lina lalikulu linawaitana ntchito ya muofesi, pafupi ndi kunyumba kwawo, ndipo linkafuna yankho pafoni tsiku lomwelo asanaweruke.

"Ndiye mwayankha chiyani?" ndinafunsa.

"Sindinayankhe. Ndimati ndimve kaye kwa iwe."

"Kwa ine? Popempha ntchitoyo munamva kwa ine?"

Anangoika dzanja kumsana. Msana umenewo ndimaudziwa bwino. Adokotala anawauza kalekale kuti asiye kuyenda m'misewu ya mabampu, iwo n'kungogula kapilo. Koma tsiku limenelo chifundo ndinalibe. Achemwali akachoka ndiye kuti kakampani kagwa basi, chifukwa ine lipoti ndikaliyamba limathera pa mutu wake.

Maphunziro anali m'holo ya sukulu ina. Kutentha kwake, abale inu! Mapepala aakulu amene tinamata pakhoma ankangomatuka okha, achemwali n'kumawerama pang'onopang'ono kuwatola. Ophunzirawo ena anali akale, oti anadutsa m'maphunziro ambirimbiri moti amayankha usanafunse. Mkulu wina amene onse ankamutcha Wapampando anakweza dzanja ndisanamalize n'komwe moni.

"Aphunzitsi, mfundo yaikulu ndi umodzi," anatero.

"Zikomo bambo, mwatithandiza. Tingoweruka?"

Anthu anaseka, ine ayi. Ndinaphunzitsa m'mawa wonse mtima uli pa sewero la chingwe.

Seweroli timatsekera nalo maphunziro kulikonse. Anthu amaima mozungulira, ndipo mpukutu wa chingwe umaponyedwa uku ndi uku. Aliyense woulandira amakulunga chingwecho pachala, n'kunena ntchito imene amagwira m'gulu, n'kuponyera mnzake. Pomaliza pamakhala ukonde, ndipo ine ndimawauza akoke kuti ulimbe. Kenako ndimafuula kuti, "Nanga wina akatopa?" Pamenepo achemwali, amene amaima nawo m'bwalomo ngati wophunzira, amataya chingwe chawo. Ukonde umagwa mbali imodzi, anthu amakuwiza, ine ndimawadzudzula mwachipongwe, iwo n'kutola chingwe mwamanyazi abodza, tonse n'kuwomba m'manja. Takhala tikuchita zimenezi zaka zonsezi, iwo wotaya, ine wodzudzula.

Tsiku limenelo ndinakonza zoti kudzudzulako kukhale kwenikweni. Mawu ndinali nditawanola kale: munthu wosiya anzake padzuwa, munthu wothawa katundu akalemera. Ndinkafuna awamve pamaso pa anthu, ndione ngati foniyo aimbedi.

Madzulo tinakankhira mabenchi kukhoma. Mpukutu unayamba kuuluka. "Ine ndimasambitsa odwala." "Ine ndimatsuka pamjigo." Wapampando anati iye amatsogolera, ndipo mayi wina kumbuyo anatsokomola dala. Mpukutu utafika kwa achemwali, anakulunga chingwe pachala n'kunena motsitsa kuti, "Ine ndimalemba."

"Kokani!" ndinalamula. "Kokani kwambiri, mwadya kale!"

Ukonde unalimba kuti gwa. Ndinayang'ana achemwali m'maso n'kufuula, "Nanga wina akatopa?"

Sanataye.

Ndinaganiza kuti mwina sanamve. Ndinabwereza mokweza, mpaka mawu anasasa. Anthu anayang'anizana. Achemwali anangoima njo, maso pansi, chingwe chili chigwirire. Chala chawo chinali chitatupa kunsonga, dzanja linalo litagwira msana. Thukuta linkatsika m'khosi mpaka kunyowetsa kolala ya bulauzi. Anthu ankakokabe, pakuti ndinali ndisanawauze kuti aleke.

Pamenepo ndinamva yankho lawo. Foni saimba. Akhala. Mawa tidzakweranso minibasi, kapilo kali kumsana, ndipo mkuja chimodzimodzi, mpaka tsiku limene adzalephere kutsika okha. Chimene ndinkafuna kuyambira m'mawa ndinachipeza popanda kunena liwu limodzi la mawu anga onola aja, koma ndikuuzeni zoona, chinandiwawa koopsa. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi. Munthu amene anandibereka kumbuyo ndili khanda anaima pamenepo ngati mbuzi yomangidwa pamtengo, ndipo chingwecho ndinabwera nacho ndine.

Ndinazungulira kunja kwa bwalo n'kukaima pambali pawo.

"Achemwali, tayani," ndinanong'ona.

"Ukhala bwanji wekha?"

"Zimenezo ndi zanga. Tayani."

"Malipoti aja iwe sutha."

"Ndawamva kale amenewo. Bweretsani chala kuno."

Chingwe chinali chitalowerera m'khungu moti ndinachita kumasula ndi zikhadabo. Chinasiya mzere wakuya kuzungulira chala. Ndinachikulunga pachala changa ukonde usanagwe.

"Pitani mukaimbe," ndinatero. "Netiweki ikugwira pachipata paja. Fulumirani asanaweruke."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga foni m'chikwama n'kutuluka, akuyenda mopendekeka monga amachitira masiku ano. Kapilo kaja anakaiwala pabenchi.

M'holo anthu ankakokabe. Pepala lina linamatuka pakhoma n'kugwa, ndipo panalibe wolitola.

"Aphunzitsi," anatero Wapampando, "ine seweroli ndinalionapo kwina. Pamayenera kukhala wina wotaya, ife n'kumukuwiza. Ndiye apa phunziro lake n'chiyani?"

Mwambi wa denga uja unabwera wokha ndipo ndinaumeza. Pawindo ndinkawaona achemwali pachipata, foni kukhutu, akugwedeza mutu.

"Tafewetsani pang'ono, anthu inu," ndinatero. "Mukukoka kwambiri."

Zaka zonsezi ndakhala ndikuima kunja kwa bwalo, ndikufuula kuti kokani. Chingwecho ndinali ndisanachikulungepo pachala changa. Sindinkadziwa kuti chimadula chonchi.