Timadontho ta buluu pa zitseko

Timadontho ta buluu ndinatiwona week yachiwiri nditayamba ntchito ku care home ina ku Dudley, ku UK. Ka sticker kakang'ono, pamwamba pa dzina la resident. Ndinafunsa Aisha, mnzanga yemwe tinakwera ndege imodzi pa Chileka, pano timagona nyumba imodzi.

"Iwe Chawe, umo sitilowa," anatero. "Family yawo inapempha ma carer achizungu okhaokha."

Nthawi imeneyo zitseko zinali five. Pofika March zinali eleven, corridor yonse ya upstairs. Rota nayo inasintha, azungu m'mwamba, akuda tonse pansi, komwe kuli ma hoist onyamulira okalamba ndi ntchito yothyola msana. Mpaka break tinayamba kupita nthawi zosiyana.

Ndinalemba mu group yathu ya WhatsApp, tilimo nine, Amalawi ndi aku Zambia. Ndinati guys ili ndi tsankho, tikayankhule pa staff meeting tonse pamodzi. Ma thumbs up anabwera seven. Aisha anaika ka emoji ka moto katatu.

A Gomezgani okha, senior carer komanso akulu ampingo kutchalitchi kwathu, ndi amene anandiimbira.

"Mwanawe, ine kuno zaka eight. Upstairs kuja ndinalavuliridwako malovu kumaso. Pansi pano palibe wonditchula mayina. Mtendere ukuuona ngati vuto?"

"Ndiye ankolo, tithokoze kuti atipatula?"

"Sponsorship yako ili m'manja mwa ndani? Akakuchotsa, visa yathera pompo. Kwanu ku Zomba ukawauza kuti chani, kuti unkalimbana ndi sticker?"

Meeting inachitika Lachinayi masana mu dining. Manager wathu, Jacqueline, anabwera ndi mapepala, aliyense lake. Chiganizo chimodzi basi: I am happy with the current allocation. "It's for your own protection, love," akutero uku akumwetulira.

Aisha anasaina osawerenga nkomwe. Zolembera zinangoti kwerekwere chipinda chonse. Ine ndinaimirira.

"I'm not signing. Ngati resident akutitukwana, deal with that. Don't put us downstairs."

Ndinatembenuka kuyang'ana anthu anga seven aja. Wina akufufuza mu paketi ya mabisiketi. Wina nsapato yamuvuta mwadzidzidzi. A Gomezgani anatsokomola n'kunena mu Chingerezi chabwino kwambiri kuti maganizo amenewo ndi a ine ndekha.

Four koloko Jacqueline anandiitanira mu office. Pa desk panali printout ya message yanga ija, atadula mzere pansi pa mawu oti tsankho, pambali wina atamulembera tanthauzo lake. Anati ndikusokoneza team, probation yanga aiwonjezera, sponsorship aiunikanso. Sindinamve zambiri. Maso anga anali pa screenshot. Kuseri kwa ma message kunkaoneka wallpaper ya mwini foni: kamtsikana kovala uniform ya nursery, kopanda mano akutsogolo. Mwana wa Aisha. Uniform imeneyo tinakasankhira limodzi ku Limbe.

Aisha ndinamupeza pa bus stop, atakumbatira bag.

"Ngakhale kuchotsa wallpaper, aise? Ulesi?"

Sanaseke. "Anandifunsa kuti anayambitsa ndani. Ndikanatani? Ndili ndi mwana, Chawe."

"Ine ndinagwa kumwamba? Ndilibe anthu?"

"Iwe umafuna tonse tithamangitsidwe kuti uoneke wolimba mtima."

"Ka moto katatu kaja unkaika ndiwe."

"Emoji si signature." Anatsegula bag n'kutulutsa pepala langa losasaina lija, limodzi ndi cholembera. "Jacqueline wati ukasaina 9 isanakwane mawa, aiwala zonse. Ndakuchondererera ndine. Ingosaina, mumtima uzikana."

Ndinaligwira pepalalo mpaka basi inatulukira pa kona. Sindinama, ndinaganiza za amayi, ndinaganiza za kutsika pa Chileka ndi sutikesi yomwe ija. Kenako ndinalipinda n'kumubwezera.

"Ukamupatse lili chonchi. Poti njira ya ku office ukuidziwa."

Mu basi anakhala kumbuyo. Kunyumba aliyense anaphika zake.

Mawa lake 9 inakwana ndili mu room 4, ndikupesa tsitsi la agogo ena omwe amanditcha Shirley chifukwa Chawe amaiwala. Foni inayamba kunjenjemera m'thumba. Jacqueline. Ndinamaliza kaye kupesa, ndinawakonza kolala, kenako ndinatuluka kupita ku office ndekha.