Sutikesi ya Zondwayo Soko

Loweruka lililonse Zondwayo Soko ankatsitsa sutikesi yake pamwamba pa wodilopu, n'kutuluka nayo pakhonde, n'kuyamba kuipaka polishi wa nsapato. Ankayamba ndi m'makona, kenako chogwirira, pomaliza n'kutikita zipi ndi kandulo kuti isagwire dzimbiri. Nthawi yake ankasankha yabwino, imene anthu amadutsa kupita kumsika wa pa Mzimba Boma. Wina akafunsa kuti ulendo wakuti, iye ankayankha osadzutsa mutu: "Ku Dar, mbwenu. Tikungomaliza zina n'zina." Sutikesiyo inkawala ngati mphumi ya mwana wodzola mafuta, koma m'kati mwake simunagonepo ngakhale sokosi.

Mkazi wake Esme ankaonerera zonsezi ali pamkeka, akusankha nyemba zokagulitsa kumsika. Kwawo kunali ku Ntchisi. Zondwayo anakumana naye ku Luwawa, kumene bambo ake a Esme ankacheka matabwa, ndipo chimene chinamukopa pa mnyamatayo sinali nkhope, chifukwa nkhopeyo inali yoti ukaiona m'mawa masana waiiwala. Chinamukopa ndi nyanja ya mchere. Zondwayo ankati anafikako pa thiraki ya matabwa, ndipo analumbira kuti mkazi amene adzamulole adzaponda mchenga wa ku Dar es Salaam. Madzi ambiri amene Esme anali atawaonapo anali a m'damu la Luwawa. Analola.

Lobola anaperekedwa, mwana wawo Wezi anabadwa, anakula, anapita kusekondale yogonera komweko. Nyanja inali ikadali m'kamwa mwa Zondwayo.

Kukonzekera kokha ndiye kunalipo. Chaka ndi chaka mvula ikatha, Zondwayo ankakhala pampando wandalema, n'kuuyala ulendo wonse ndi chala m'mwamba. Minibasi mpaka Mzuzu. Ku Mzuzu basi yaikulu. Pa boda ya Songwe Esme asatsegule pakamwa, wolankhula ndi iye. Akafika, kuyamba ndi msika wa Kariakoo, kenako kudoko kukaona sitima zazitali kuposa ofesi za pa Boma, kenako kuwoloka pa pantoni, chombo chachikulu chonyamula anthu ndi magalimoto, pomaliza kukhala pamchenga n'kumamwa madzi a kokonati. Koma mzinda wa Zondwayo sunkakhazikika. Chaka china doko linali kumanja kwa depoti, chaka chotsatira linasamukira kumanzere. Mafunde amene kale ankatalika ngati mitengo ya paini anadzaphwa n'kukhala ngati tiyi m'sosala. Chiswahili chake chonse chinali moni ndi zikomo, ndipo ankachilankhula ngati wamwa phala lotentha.

Zonse zikakonzedwa pankatsala chinthu chimodzi. Kwa a Soko mkazi wolowoledwa sadutsa malire a dziko asanalayire, ndiye kuti kutsanzika ndi kupempha njira kwa akulu a kwa mwamuna wake. Wamkulu amene anatsala anali Ankhazi NyaSoko, mlongo wa malemu bambo ake a Zondwayo, amene ankakhala kumudzi cha kufupi ndi nkhalango ya Luwawa. Zondwayo ankapitako yekha. Ankati nkhani zotere n'za eni mbumba. Pobwera ankalowa m'nyumba mapewa ali pansi, n'kuusa moyo ngati watula thumba la simenti.

"Ankhazi akana. Chaka chino tikumanga chiliza cha agogo."

Chaka china chinali chiliza cha bambo aang'ono. China ng'ombe zinadwala. China Ankhazi analota zoipa. Manda a kwa Soko anadzakongola kuposa nyumba za amoyo, ndipo Esme anaphunzira kudana ndi mayi wokalamba amene ankamuona pamaliro pokha.

Pasipoti Esme anali nayo. Anaivutikira yekha ku Mzuzu, pamzere wa dzuwa, atagwira Wezi padzanja. Ankaisunga m'chitini cha mabisiketi, ndipo masamba ake anali oyera ngati nsalu ya paguwa. Tsiku lina anaionetsa Felesta, mnzake wa benchi yoyandikana kumsika, amene ankapita ku Dar kukaoda zitenje ndi nsapato monga mmene ena amapitira ku Jenda kukagula tomato.

Felesta anaitembenuza, n'kunyambita chala, n'kuyang'ana tsiku lake lothera.

"Amayi a Wezi, mwaisunga mpaka yakalamba. Ikatsala pang'ono kutha, pa boda amakubwezani. Ine ndinyamuka Lachiwiri. Mukaphonya ulendo umenewu, muiike m'felemu, muipachike pakhoma pafupi ndi kalendala."

"Abambo ake Wezi akuti apita kwa Ankhazi Lamulungu."

"Amuna anu aja?" Felesta anaseka mpaka ndolo zinagwedera. "Ndinawafunsa dzina la pamene basi imatsitsira anthu ku Dar. Anayamba kutsokomola, n'kunena kuti akupita kukaona matabwa."

Esme sanaseke. Madzulo ake, akufuna tsache kuseri kwa mulu wa matabwa amene Zondwayo ankagulitsa, anapeza jumbo yomangidwa bwino. Munali shuga, sopo ndi botolo la mafuta ophikira. Anaimanganso monga anaipezera.

Lachisanu anauza mwamuna wake kuti akupita kukaoda mbatatesi. Anagula thadzi lonenepa, anakwera minibasi, kenako kabaza m'kamsewu ka fumbi kodutsa m'zitsa za paini. Anaganiza kuti ngati n'kukanidwa, akanidwe ndi makutu ake omwe.

Esme anawapeza Ankhazi NyaSoko pakhonde, atazunguliridwa ndi mafoni a mudzi wonse amene ankatchaja pa sola yomwe ana awo anatumiza kuchokera ku Joni. Anali mayi wamfupi, wa maso ang'onoang'ono osaphethira, ndipo kachitini ka fodya wamphuno sikankachoka m'manja mwawo. Esme anagwada chapatali, anaomba m'manja, anapereka moni wonse mwa dongosolo, kenako anakankhira nkhuku patsogolo n'kunena kuti wabwera kudzalayira.

Ankhazi anayang'ana nkhuku, n'kuyang'ana kumbuyo kwa Esme.

"Yewo. Nanga shuga ali kuti, mkamwana?"

"Shuga wanji, Ankhazi?"

"Wa chaka chino. Zondwayo amabwera ndi shuga, sopo ndi mafuta. Wakutumani inu tsopano? Chabwino, koma mukamuuze kuti ine zifukwa zandithera. Manda onse tawaka. Watsala ndine, ndipo ine sindinafe."

Foni ina inalira pamulu paja, Ankhazi n'kuitembenuza chafufumimba.

"Komatu ndikufunseni, poti lero mwabwera nokha," anapitiriza Ankhazi. "Mantha amtundu wanji amenewa? Munthu wamkulu chomene, mwana ali kusekondale, kumaopa madzi? Sakuuzani kuti mukasambiremo. Mumangoima patali n'kuyang'ana."

"Ndani amaopa madzi?"

"Inu. Si mumalira ulendo ukayandikira? Zondwayo amati mumachita manyazi kuuza anzanu akumsika kuti mwachita mantha, ndiye amandipempha kuti ndizikana ine, kuti mlandu ukhale wa nkhalamba. Mwana wachisoni chomene ameneyu. Ine ndimati kwanu ku Ntchisi mwina kulibe mitsinje."

Esme anakumbukira maliro ena, pamene akazi a m'mudzimo anamuletsa kupita nawo kudambo kukatunga madzi, akutsinana. Iye ankayesa ulemu.

"Ndiye kuti inu simunakanepo."

"Ndikane chifukwa chiyani? Ana anga onse ali ku Joni ndi akazi awo. Ndikakanize Dar, pakhomo pompa?"

"Koma shuga mumalandira."

"Wobwera yekha ndimukane? Tiyi ndimamwa ine."

Anatero mosachita manyazi ngakhale pang'ono, n'kufwenkha fodya. Esme anawayang'ana. Zaka zonse zija ankadana ndi mayi wankhanza wosunga mwambo, pamene mayiyo ankangogulitsa mawu ake pa mtengo wa zinthu za m'golosale.

"Ankhazi, mwana wanuyo ku Dar anafikako?"

Ankhazi anayetsemula, kenako anaseka mpaka kugwira chipilala.

"Zondwayo? Thiraki inamusiya pa Songwe. Analibe mapepala. Atangoona asilikali a pa boda anakalowa m'chimbudzi, osatulukamo mpaka anzake anawoloka. Anabwera kuno pa lole ya mpunga, nkhope itatupa ndi udzudzu. Simumadziwa? M'mudzi muno ngakhale mbuzi zikudziwa."

Esme anakonza chitenje chake, anaombanso m'manja, n'kulankhula pang'onopang'ono monga amalankhulira munthu pamaso pa akulu.

"Ndapota, Ankhazi. Ine mkamwana wanu ndikupempha njira. Ndikufuna kupita ku Dar Lachiwiri, ndi mnzanga Felesta, kukaona nyanja. Mukalola, mulole pali mboni."

Ankhazi anaganiza kaye, ndipo Esme anaona bwino kuti chimene akuganiza ndi shuga amene sadzabweranso. Koma thadzi linali lonenepa, ndipo nkhani yoti akafotokozere anzawo kutchalitchi inali yonenepa kuposa thadzilo. Anaitana a Yoram, msuweni wa Zondwayo, amene ankakhoma khola la nkhumba chapafupi. A Yoram anabwera ndi hamala m'manja, anamva pempho, anamva yankho, anagwira nkhuku n'kupita nayo kuseri.

"Mwende makora, mkamwana," anatero Ankhazi. "Mundigulireko chitenje, chisakhale cha maluwa ofiira. Ndiponso madzi a m'nyanjamo m'botolo. Akuti amathandiza mwendo."

Esme anafika pa Boma dzuwa likadalipo, ali ndi kathumba ka mbatatesi pamutu. Anaphika, anadya, anamvetsera Zondwayo akufotokoza mmene mphepo ya kunyanja imanunkhirira.

M'mawa mwake linali Loweruka. Sutikesi inatsika, polishi anatsegulidwa. Esme anakhala pamkeka ndi nyemba zake, ndipo kwa nthawi yoyamba anaonerera ntchitoyo ndi chidwi.

"Kona iyo mwaiphonya, abambo ake Wezi."

Zondwayo anakondwera kuti mkazi wake wayamba kuyamikira luso. Anabwereza konayo, anapukuta chogwirira, anatikita zipi ndi kandulo uku ndi uku. Atamaliza, Esme anadzuka, anasasa chitenje, ananyamula sutikesi n'kukaiika pabedi. Zondwayo anamutsatira ndi kansanza m'manja.

"Mukutani nayo?"

"Ndikulongedza. Ndinyamuka Lachiwiri ndi Felesta."

Zondwayo anaseka kaseko kochokera m'mphuno. "Amayi a Wezi, mwaiwala kumene munakwatiwa? Ankhazi sanalole. Ndikupita mawa kukawanyengerera, koma ndamva kuti mwendo wawavuta chomene, ndiye sindikudziwa ngati…"

"Alola dzulo. A Yoram analipo. Nkhuku adya."

Kansanza kanasiya kugwedera. Esme anapinda diresi lake la buluu n'kuliika pansi penipeni, pomwe pankanunkha utsopano wa zaka zambiri.

"Munapita kumudzi osandiuza? Mkazi wolowoledwa sachita zimenezo."

"Mwambo ndi wanu, munandiphunzitsa ndinu. Munkati Ankhazi akanena, nkhani yatha. Anena."

"Anakuuzani chiyani china?"

"Akuti zifukwa zawathera. Shuga ali kuseri kwa matabwa uja muzimwera tiyi ine kulibe. Musamalize msanga."

Zondwayo anakhala pampando umene unali pafupi ndi chitseko. Anayang'ana pawindo, kenako padenga, kenako anawongola khosi n'kutulutsa mawu ake a pampando wandalema.

"Chabwino. Ngati akulu alola, tipite tonse. Ulendo umenewu ndinaukonza ndine."

"Tengani pasipoti yanu, ndiike pamodzi ndi yangayi."

Zondwayo anayamba kutsokomola. Esme anamudikira mpaka anamaliza, akupinda malaya amkati ndi thaulo.

"Mzinda uja ndi woopsa," anatero Zondwayo chifuwa chitaleka. "Simudziwa njira. Simudziwa chilankhulo. Akakuberani musanatsike n'komwe m'basi."

"Mpaka pa Songwe mwandiphunzitsa bwino. Kuchokera pamenepo ndizifunsa Felesta."

Panja wakabaza wina, amene anazolowera kuona sutikesi pakhonde, anaimitsa njinga n'kufuula moseka kuti, "A Soko, lero mwanyamuka kale?" Zondwayo ankayang'ana polishi amene anatsalira m'zikhadabo zake.

Esme anaika nsapato zake za kutchalitchi m'jumbo, n'kuzipanikiza m'mbali. Anaika sopo, mafuta odzola, juzi ya m'mapiri a ku Mbeya imene Felesta anamuchenjeza kuti asaiwale. Anatsuka botolo la pulasitiki, analikutumula, n'kuliika pamwamba pa zovala, la madzi a mwendo wa Ankhazi. Pasipoti anaichotsa m'chitini cha mabisiketi n'kuiika m'kathumba ka m'kati. Kenako anatsitsa chivundikiro, anakanikiza ndi bondo, n'kukoka zipi. Inayenda kuchokera kona ina mpaka inzake osakodwa paliponse.